Luso M'manja, Pepala M'thumba: Mawu kwa Ana a Machona ku Nguboyenja

 Ndathokoza kuti mwasiya misika yanu, magalaja anu ndi makina anu osokera n'kubwera kudzamva nkhani ya sukulu. Ndilankhula m'Chichewa. Ndikudziwa kuti adzukulu athu ena Chindebele ndiye chimatuluka msanga pakamwa, choncho amene wakhala pafupi ndi mwana wotere azimunong'oneza pamene pamuvuta. Malamulo aakulu a dziko lino a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndiye tilankhule mokweza.

Mwandipempha kuti ndikambe za kusintha kwa maphunziro kumene kukuchitika m'mayiko ambiri, komanso za maphunziro a ntchito zamanja. Ndabwera ndi mfundo zinayi. Yoyamba, chifukwa chimene makolofe timaopera maphunziro a ntchito zamanja. Yachiwiri, kumene kusintha kwa maphunziroku kumachokera, ndi chifukwa chake sikukhalitsa. Yachitatu, ntchito zimene zilipo lero. Yachinayi, zimene ife eni tingachite osadikira nduna. Ndipo pali mawu amene ndiwabwereze kangapo, musatope nawo: luso m'manja, pepala m'thumba. Mwana wathu akhale nazo zonse ziwiri.

Mfundo yoyamba: mantha athu.

Mayi akauzidwa ndi aphunzitsi kuti mwana wake angachite bwino pa ukalipentala kapena pa zomangamanga, nkhope imagwa. Amamva ngati amuuza kuti wabereka mbuli. Ine mantha amenewa sindiwanyoza, chifukwa sanagwe kumwamba. Ali ndi mbiri yake, ndipo agogo amene ali kutsogoloku anaiona ndi maso.

Mu 1934 boma la atsamunda la Southern Rhodesia linakhazikitsa lamulo la Industrial Conciliation Act. Lamuloli, pofotokoza kuti wantchito ndi ndani, linamusiya kunja munthu wakuda. Zotsatira zake zinali zakuti ntchito zaluso zolipira bwino, pamodzi ndi njira yozilowera ya apprenticeship, zinakhala za azungu. Taganizirani za bambo wa ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mangochi, amene anafika kuno wapansi kudzera ku Tete, kapena pa lole za Ulere, kapena m'manja mwa bungwe lolemba antchito la Mthandizi. Walowa ntchito ku njanji. Zaka zikupita ali pambali pa mmisiri wachizungu, mpaka injini akuidziwa pongomva kulira kwake. Mzungu wachinyamata akabwera kumene, amene akumuonetsa pogwira ndi iyeyo. Koma mwezi ukatha, m'buku la malipiro iye ndi wonyamula masipanala basi. Luso anali nalo m'manja. Pepala analibe, ndipo lamulo linaonetsetsa kuti asakhale nalo.

Enanso anabwera ndi luso lawo kuchokera kumudzi. Ku Khondowe, Dr Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun ya mishoni ya Livingstonia mu 1894, ndipo inkaphunzitsa ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku ndi kutumiza matelegalamu, pamodzi ndi maphunziro a m'kalasi. Nyasaland analibe ntchito zokwanira anthu oterewa, ndiye anatsikira kumwera kuno. Mmodzi mwa ophunzira a ku Livingstonia, Clements Kadalie, anagwirako ntchito ku mgodi wa Shamva asanakayambitse bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Mu 1927 munthu wina wa kwathu, Robert Sambo, anadzutsa nthambi ya bungwe lomwelo muno mu Bulawayo, boma n'kumuthamangitsa m'dziko. Amuna amenewa ankamenyera chinthu chimodzi, chakuti thukuta la munthu wakuda liwerengedwe pa mtengo wake.

Tsopano mverani za sukulu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 boma linatsegula sukulu ziwiri za anthu akuda, Domboshava ndi Tjolotjo, potsata maganizo a H. S. Keigwin. Cholinga chinali kuphunzitsa mwana wakuda kumanga, kupala matabwa ndi kulima, mongokwanira kuti akathandize kumudzi, osati kuti akapikisane ndi mzungu m'tauni. Ophunzira anazindikira msanga, ndipo anafika pochita sitalaka pofuna maphunziro ochuluka a m'mabuku. Kenako mu 1966 boma la Ian Smith linabweretsa ndondomeko ya sukulu za F1 ndi F2. Linakonza kuti mwa ana asanu ndi atatu omaliza pulayimale, mmodzi yekha apite ku F1 kumene kunali maphunziro opita patali, atatu apite ku F2 kukaphunzira zamanja, ndipo anayi otsalawo abwerere kunyumba. Mwana wa ku F2 njira yake inali yotsekeka kutsogolo. Ena mwa inu munaphunzira kumeneko, ndipo mukukumbukira mmene anzanu ankakuonerani.

N'chifukwa chake ufulu utabwera mu 1980 sukulu za F2 zinathetsedwa, anthu n'kuomba m'manja. Kholo lililonse linalumbira kuti mwana wake adzalemba O Level ndipo adzavala tayi. Ndani angawadzudzule? Koma ndikupemphani tisiyanitse zinthu ziwiri. Chimene chinali choipa pa F2 sichinali sowo kapena mpeni womangira. Choipa chinali chitseko chotseka, chakuti ukalowa mbali iyi sudzatulukiranso mbali inayo. Ife podana ndi chitsekocho tinatayira kumodzi ndi zida zomwe.

Umboni woti ntchito zamanja zingathe kutsegula njira m'malo moitseka uli konkuno, pamtunda woyenda wapansi kuchokera pamene takhalapa. Jairos Jiri anabadwira ku Bikita mu 1921, sanapite patali ndi sukulu, ndipo anafika mu Bulawayo ngati wofuna ntchito wina aliyense. Anaona anthu olumala ndi osaona akupemphetsa m'misewu, mtima n'kumuwawa. Mu 1950 anayambitsa bungwe limene lero limadziwika ndi dzina lake, ndipo pofika kumapeto kwa zaka khumi zimenezo malo ake ophunzitsira ntchito anali atatsegulidwa muno mu Nguboyenja. Anthu amene abale awo ankawabisa m'nyumba anayamba kusoka nsapato, kukonza zikopa, kuluka ndi kupanga zinthu zogulitsa. Mmodzi mwa ana amene anadutsa m'manja mwa bungweli, Joshua Malinga, anapitiriza maphunziro mpaka anadzakhala meya wa mzinda uno m'zaka za m'ma 1990. Jiri sanaone luso lamanja ngati kotaya anthu olephera. Analiona ngati poyambira munthu kuima payekha, ndipo m'mera mpoyamba.

Mfundo yachiwiri: kusintha kwa maphunziro kumachokera kuti, nanga n'chifukwa chiyani sikukhalitsa?

Pano ndiyenda mofulumira, chifukwa mndandanda wake ndi wautali. Mu 1924 kunabwera gulu la Phelps-Stokes kuchokera ku America, likulimbikitsa maphunziro a zamanja otengera sukulu ya Tuskegee. Ufulu utayamba kufika mu Africa, World Bank inakongoza mayiko ambiri ndalama zomangira mashopu a ukalipentala ndi zitsulo m'sukulu za sekondale. Pofika mu 1990, pa msonkhano wa ku Jomtien m'dziko la Thailand, mphepo inali itatembenuka: ndalama zonse ku pulayimale, zamanja zikudya ndalama zambiri. Mu 2015 mayiko anagwirizana zolinga zatsopano za chitukuko, ndipo maphunziro a luso anabwereranso pamwamba. Mwaona? Amene ali ndi chikwama akatembenuka, ana athu nawo amatembenuzidwa.

Kuno ku Zimbabwe tinaona maphunziro ophatikiza ndi ntchito a ZIMFEP m'zaka za m'ma 1980, nthawi ya Dzingai Mutumbuka ndi Fay Chung. Tinaona ndondomeko ya zachuma ya ESAP mu 1991 ikubweza fizi m'sukulu za m'tauni ndi kutsegulira zipata katundu wakunja amene anafooketsa mafakitale athu. Mu 1999 komishoni ya Nziramasanga inapereka lipoti lonena mosabisa kuti maphunziro athu apendekera kwambiri ku mabuku ndi mayeso, ndipo mwana wosakhoza mayeso akutuluka chimanjamanja. Lipotilo linali labwino, koma linagona m'kabati zaka zambiri. Silabasi yatsopano inayamba mu 2017 pansi pa nduna Lazarus Dokora. Mu 2021 kunabwera CALA, njira yoyesa ana pa ntchito zimene ankapatsidwa kuti achite. Amayi, apa sindifunika kufotokoza zambiri. Mukukumbukira kugula data, kusindikiza zithunzi, kufunafuna makatoni usiku, ndi ana a anthu opeza bwino kulembetsa ntchito zawo kwa ena. Ganizo lake linali lolondola, loti mwana ayesedwe pa zimene angathe kuchita osati pa zoloweza zokha. Koma katundu wake anagwera kholo losauka ndi mphunzitsi wa ana ochuluka m'kalasi imodzi. Mu 2024 CALA inachotsedwa, n'kubwera silabasi ina yotchedwa Heritage-Based Curriculum. Kumakoleji ndi kumayunivesite nakonso kuli Education 5.0, yofuna kuti sukulu zizipanga zinthu zogulitsika osati kungophunzitsa.

Kwathu ku Malawi nkhani yake ndi yofanana. Kunali a Payoniya ndi malo awo ophunzitsira ulimi ndi zamanja, amene anatha mu 1993. Bungwe loona za maphunziro a zaluso la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999. Mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a zaluso a m'madera, kuwonjezera pa akale aja monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe ndi Mzuzu. Achibale athu kumeneko akufunsa funso lomwe tikufunsa ife: mwana wamaliza, nanga ntchito ili kuti?

Akuluakulu a maphunziro akakumana, dziko limene satopa kulitchula ndi Germany. Ndipo n'zoona, njira yawo ndi yosiririka. Wachinyamata amasayina pangano ndi kampani, amakhala masiku atatu kapena anayi pa sabata ali pa ntchito, tsiku limodzi kapena awiri ali m'kalasi, akulandira kamalipiro. Ntchito zovomerezeka zophunzira mwa njira imeneyi zimaposa 300, ndipo mayeso ake amayendetsedwa ndi mabungwe a eni makampani ndi amisiri. Mmisiri wa ku Germany sayenda chowerama pamaso pa munthu wa digiri. Koma taonani chimene chagwira njira imeneyi kuti isagwe: makampani zikwizikwi ofuna amisiri ndipo okonzeka kulipira kuti awaphunzitse. Kutenga njira ya ku Germany n'kuibweretsa kumene mafakitale atsekedwa kuli ngati kuzula mbande ya mpunga wa Kilombero ku Karonga n'kukaiwokera pa mchenga wa ku Tsholotsho. Mbewuyo ilibe mlandu. Dambo ndiye palibe.

Njira yofanana ndi imeneyi ifenso tinali nayo, ndipo ikadalipo ngakhale yafooka. Apprenticeship ya zaka zinayi, maphunziro a m'kalasi ku Bulawayo Polytechnic, sukulu imene inayamba mu 1927, ndi thumba la ZIMDEF limene olemba ntchito amaponyamo gawo limodzi mwa magawo 100 a ndalama zolipira antchito awo. Njanji yokha inkatulutsa amisiri amene mpaka lero akugwira ntchito ku Botswana, ku South Africa, ngakhale ku Australia. Koma fakitale ikatseka, zinthu ziwiri zimafa tsiku limodzi: malo amene mwana akanaphunzirapo ntchito, ndi ndalama zimene fakitaleyo inkaponya m'thumba lija.

Katswiri wina, Philip Foster, ataphunzira za sukulu za ku Ghana analemba mu 1965 kuti makolo ndi ana sathawa maphunziro a zamanja chifukwa cha ulesi kapena kunyada. Amayang'ana kumene kuli malipiro, ndipo sukulu payokha singalenge ntchito zimene chuma cha dziko sichinalenge. Zaka 60 zapita ndipo mawuwo sanakalambe. Nkhwangwa yobwereka sikhala kuguluka. Sindikunena kuti tikane nzeru zakunja, ayi. Ndikunena kuti silabasi iliyonse ikabwera tiziifunsa funso limodzi: mwana wanga akatuluka mmenemu, adzakhala ndi chiyani m'manja, nanga adzakhala ndi chiyani m'thumba?

Mfundo yachitatu: ntchito zimene zilipo lero.

Inu amene munkadzuka m'mamawa kupalasa njinga kupita ku Belmont ndi ku Donnington mukudziwa mmene msewu unkadzazira. National Blankets, Merlin, G&D Shoes, Dunlop, Cold Storage, njanji. Lero ena mwa makampani amenewa anatseka, ena atsala ndi anthu ochepa, ndipo nyumba zina zimene munali makina mukupemphereramo anthu. Masiku oti munthu ulowe ntchito pa kampani imodzi uli mnyamata n'kudzatuluka ndi penshoni anapita. Ndikanakonda kukuuzani kuti adzabweranso mawa, koma ndingakunamizeni.

Komabe ntchito siinathe, yangosamuka. Magetsi akamazimazima, pamafunika munthu wodziwa kuika sola ndi mabatire moti nyumba isapse. Madzi akamasowa masiku angapo pa sabata, monga tazolowera mu mzinda uno pamene tikudikira damu la Gwayi-Shangani, pamafunika wodziwa mapampu, mathanki ndi mapaipi. Mafiriji, mafoni, mageti achitsulo, magalimoto akale ochokera ku Japan, zonsezi zikufuna manja. Kunja kwa tauni kuli migodi ya lithium ku Bikita, ku Kamativi ndi ku Goromonzi, ndipo mu December 2022 boma linaletsa kutumiza kunja miyala yake yosakonza. Ku Manhize kufupi ndi Mvuma kwamangidwa fakitale ya zitsulo. Kafukufuku wa boma wa mu 2018 anapeza kuti ngakhale anthu oposa 90 mwa 100 alionse amadziwa kulemba ndi kuwerenga, luso limene dziko likufuna likuperewera ndi magawo 62 mwa 100.

Apa ndichenjeze anyamata. Musamve ngati ndikuti tayani mabuku. Galimoto ya masiku ano imayezedwa ndi kompyuta, ndipo makaniko wosatha kuwerenga zimene makinawo akunena amangosintha zitsulo mwachimbulimbuli mpaka mwini galimoto atathawa. Woika sola wosadziwa masamu amaika waya wochepa mphamvu. Chaka ndi chaka, mwana mmodzi yekha mwa atatu, mwinanso osakwana, ndiye amakhoza maphunziro asanu a O Level. Ngati uli mwa awiri otsalawo, moyo wako sunathe. Yamba kuphunzira ntchito, koma masamu ndi Chingerezi ubwerezenso ngakhale madzulo, chifukwa makoleji ndi makampani akuluakulu amafunsabe maphunziro asanu aja.

Ndichenjezenso za mapepala ogula mothamanga. Britain itatsegula chitseko cha ntchito yosamalira okalamba mu 2022, tonse tinaona mmene timasukulu ta masabata ochepa tinamerera paliponse. Mabanja anagulitsa katundu, ena anapitadi n'kuthandiza kwawo, ena anaberedwa ndi anthu olonjeza ntchito zimene kunalibe. Mu July 2025 Britain inatseka njira yolembera antchito oterewa kuchokera kunja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pepala lopanda luso lenileni limafa tsiku limene dziko la eni lasintha lamulo. Koma nalonso luso lopanda pepala limadyeredwa masuku pamutu. Funsani ana athu amene ali ku Johannesburg: amamanga nyumba yonse kuyambira pa maziko, koma amalipidwa ngati wokandira matope, chifukwa alibe chosonyeza. Zimene zinachitikira agogo awo ku njanji zikuwachitikiranso iwo. Luso m'manja, pepala m'thumba.

Mfundo yachinayi, imene ndabwerera kwenikweni: tichite chiyani ife eni?

Choyamba, pepala loyambirira pa mapepala onse ndi kalata ya kubadwa ndi chitupa. Nkhaniyi ndi yowawa kwa ife ana a machona. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira konkuno, amene Malawi sanamuonepo n'kamodzi komwe, anapezeka kuti ndi alendo m'dziko limene munakwiriridwa michombo yawo. Ena mpaka lero chitupa chawo chili ndi chizindikiro cha mlendo, ena alibiretu. Kholo likakhala lopanda chitupa, mwana amavutika kupeza kalata ya kubadwa, ndipo wopanda kalatayo amavutika kulembetsa mayeso, kulowa koleji ndi kulembedwa ntchito yokhazikika. Koma gawo 43 la malamulo aakulu a mu 2013 limati munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowa asanayambe kugwira ntchito, kholo lake lili nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Malawi, Zambia ndi Mozambique onse ali mu SADC. Ufuluwo ndi wanu. Mizere ndi yaitali, mafunso ndi otopetsa, koma zengerezu analinda kwawukwawu. Agogo amene angachitire umboni za kubadwa kwa adzukulu awo ali moyo lero, ndipo sitidzakhala nawo mpaka kale.

Chachiwiri, inu amisiri amene munaphunzira ntchito pa galaja ya amalume kapena kuseri kwa nyumba, pitani mukayesedwe. Boma lili ndi nthambi yoyesa amisiri, ndipo trade test imakwera kuchokera pa Class 4 mpaka pa Class 1. Amafuna umboni woti mwagwira ntchitoyo kwa nthawi, kenako amakuyesani zolemba ndi zamanja. Ndikudziwa abambo ena amachita manyazi kukayesedwa ndi mwana wamng'ono pa ntchito imene aigwira moyo wawo wonse. Manyaziwo ndi a tsiku limodzi. Pepalalo ndi limene lidzakulowetseni pa geti ya mgodi kapena ya kampani yomanga, ndipo ndi limene lidzakweze mtengo wa tsiku lanu. Chimene agogo anu anamanidwa ndi lamulo, inu musadzimane nokha.

Chachitatu, ndanena kuti njira ya ku Germany imafuna mafakitale. Mafakitale athu lero ndi timashopu ta ku Makokoba, ta ku Renkini, ta ku Kelvin, ndi makonde a nyumba zathu. Kumeneko ndiye kuli owotcherera zitsulo, akalipentala, amakaniko ndi atelala. Mmisiri aliyense amene ali muno atenge mwana mmodzi. Koma tikonze mmene timachitira, chifukwa nthawi zambiri mwanayo amatha zaka akungotumidwa kukagula ndudu ndi kutsuka zitsulo, osalipidwa kanthu, ndipo tsiku limene wakangana ndi abwana ake amachoka wopanda chosonyeza. Pakhale pangano lolembedwa pamaso pa makolo ndi mkulu wa mpingo kapena wa mzikiti: adzaphunzira zakuti ndi zakuti, kwa nthawi yakuti, azilandira kangachepe kakuti. Pakhale kabuku kolembamo ntchito iliyonse imene wagwira, mmisiri n'kumasayina. Kabuku kameneko ndiko kadzamuthandize popempha trade test. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Ndipo ponena mwana sindikunena mnyamata yekha. Mtsikana amene amakhoza masamu tisamuthamangitsire ku saluni ndi ku makina osokera ngati mtima wake uli pa zamagetsi. Waya sadziwa kuti wamugwira ndi mkazi kapena mwamuna. Chimene mtsikana amafuna pa shopu ndi chitetezo, ndipo ilo ndi gawo la ife akuluakulu: mmisiri wodziwika ndi khalidwe loipa asapatsidwe mwana wa munthu, ngakhale luso lake litakhala lotani. Mwana wolumala nayenso tisamuiwale, ife amene tikukhala khomo limodzi ndi ntchito ya Jairos Jiri.

Chachinayi, musanapereke fizi ku koleji iliyonse, funsani. Kodi ndi yolembetsedwa ku unduna? Mayeso ake ndi a HEXCO kapena a bungwe lina lodziwika? Shopu yake ili kuti, ndipo makina ake akugwira ntchito? Amene anamaliza chaka chatha ali kuti lero? Safunsa anadya phula. Koleji yophunzitsa kuwotcherera zitsulo pa bolodi ndi choko musaipatse ngakhale dola imodzi.

Chomaliza ndikulankhula ndi inu akuluakulu a mabungwe a maliro, ndipo ndikulankhula mwaulemu wonse. Mabungwe amenewa ndi chuma chachikulu chimene makolo athu anatisiyira. Anafika m'dziko la eni opanda m'bale, n'kugwirizana kuti aliyense wa ife akagona, aikidwe ngati munthu. Adutsa mu nthawi ya Federation, nkhondo, ESAP, ngakhale chaka cha 2008 pamene ndalama inasanduka mapepala wamba, koma sanafe. Muli ndi mabuku, muli ndi asungichuma okhulupirika, mumakumana mwezi ndi mwezi osalephera. Sindikupempha kuti mukhudze ndalama za maliro. Ndikupempha kuti pambali pa buku limenelo mutsegule lachiwiri, laling'ono, loti munthu aziponyamo zimene angathe. Ndalama imeneyo ilipirire trade test ya mnyamata mmodzi, igulire mtsikana mmodzi bokosi la zida, ikwezere gogo mmodzi basi yopita ku ofesi ya zitupa ndi mdzukulu wake. Wothandizidwayo akayamba kupeza, abweze kuti wina athandizike. Mutu umodzi susenza denga, ndipo inu mwakhala mukusenzetsana kuyambira kale.

Tikamabalalika pano, ndikupempha amisiri onse, amuna ndi akazi omwe, mutsalire pang'ono kutsogolo kuno kuti alembi alembe mayina anu ndi ntchito zanu. Achinyamata ofuna kuphunzira ntchito muime mbali ya kumanja. Amene muli ndi vuto la chitupa kapena kalata ya kubadwa, lanu kapena la mwana, muonane ndi akuluakulu a bungwe lanu lero lomwe, kuti adziwe chiwerengero chanu ndi kupangana tsiku lopitira limodzi.